Oyilo, fumbi ndi tiriga ya mfuti

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKA ITSIKE)

WOULUTSA:  

Lero tikamba za mfuti. Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu mulibe mfuti ndipo simukuifuna n'komwe. Chonde musatseke wailesi. Mfuti ikalira yokha m'nyumba, amene amagwa nthawi zina si mwini wake ayi. Amakhala mwana, mayi wa pakhomopo, kapena mnansi wongodutsa. Ndiye nkhaniyi ndi yathu tonse.

Pali funso limene eni mfuti zachiphaso ayamba kufunsa, makamaka amene ali ndi ana kapena abale ku Joni. Kumeneko m'masitolo a alenje amagulitsa tiriga zapadera. Tiriga ndi kachitsulo kaja kamene chala chimakoka kuti mfuti ilire. Munthu amachotsa imene inabwera ndi mfuti n'kuikamo yogula, yofewa, yongofuna kukhudza pang'ono. Ndiye amafunsa kuti: kodi ndalama zake n'zoyenera? Nanga tiziithira oyilo wanji kuti ifewe kwambiri?

Yankho langa ndilinena poyambirira pomwe. Kwa mlimi kapena wamalonda wa kuno kwathu ku Ntcheu, tiriga yotereyi si yoyenera ndalama zake. Ndipo pa nkhani ya oyilo, m'kati mwa tiriga ndi malo amene ayenera kulandira oyilo wochepetsetsa pa mfuti yonse, mwinanso osalandira n'komwe. Ndifotokoze chifukwa chake.

Aliyense amene anatcherapo mbewa akulidziwa diwa. Mwala wolemera umaima chopendekeka, utatsamira kamtengo, ndipo kamtengoko kamangogwira pang'ono. Mbewa ikagunda nyambo, mwala umagwa. M'kati mwa mfuti muli zofanana. Mukaikoka mfuti kuti ikhale yokonzeka, mumapanikiza sipuling'i yamphamvu imene ikufuna kukankha kamsomali kokamenya kumbuyo kwa chipolopolo. Chimene chaigwira sipuling'iyo ndi kambedza kakang'ono kachitsulo. Pa mfuti zambiri zaulenje, pamene zitsulo ziwirizi zagwirana sipakwana ngakhale milimita imodzi. Ntchito ya tiriga ndi kusuntha kambedzako. Moyo wa aliyense amene waima kutsogolo kwa mpope wa mfuti uli pa kamalo kakang'ono kameneko.

N'chifukwa chake opanga mfuti za asilikali amapanga dala tiriga zolimba. Mfuti ya Lee-Enfield, imene ambiri amangoitchula kuti 303, imene agogo athu a King's African Rifles ananyamula ku Burma mu 1944, inkafuna kuti chala chikoke ndi mphamvu yonga yonyamula makilogalamu awiri ndi theka kapena kuyandikira atatu. Komanso inkakokedwa kawiri: chala chimayamba chayenda mofewa, kenaka chimafika polimba pamene pamamuuza msilikali kuti ukapitirira apa, mfuti ilira. Anaganizira munthu wotopa, wamantha, wonyowa ndi mvula, amene akhoza kupunthwa mfuti ili m'manja. Mfuti zaulenje zambiri zimafuna kilogalamu imodzi ndi theka kapena awiri. Koma za anthu a mpikisano wowombera chandamale, amene amakhala pansi mfuti itagonekedwa pa tebulo, zina zimalira ndi mphamvu yosakwana ngakhale magalamu 100.

Malonda a tiriga zogula paderawa anakula ku America itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mfuti za asilikali zinatsala zambirimbiri ndipo zinkagulitsidwa motchipa. Anthu ankazigula kuti azisakira nyama, koma tiriga zake zinali zolimba. Mu 1946 munthu wina dzina lake Allen Timney anayamba kupanga tiriga zolowa m'malo mwa za usilikalizo, ndipo kampani ya Timney ilipo mpaka lero, pamodzi ndi ena ambiri amene anatsatira. Mtengo wa tiriga imodzi nthawi zambiri umapitirira madola 100 a ku America, ndipo zina zimafika madola 300, musanawerengere zotumizira ndi msonkho.

Sindikunena kuti n'zachabechabe. Munthu wowombera chandamale chimene chili pa mtunda wa mamita 300 kapena 600 amapindula nazodi. Chala chikamalimbana ndi tiriga yolimba, mpope umagwedezeka pang'ono, ndipo kugwedezeka kochepa pano kumasanduka kuphonya kwakukulu uko. Kwa iyeyo ndalamazo zimagwira ntchito. Koma tiyeni tione mfuti zimene zili m'manja mwa anthu wamba kuno. Zambiri ndi zifefe, mfuti zomwaza timipira tambiri, zosungidwa poteteza pakhomo, sitolo kapena munda. Chifefe chimagwira ntchito pafupi, mamita 30 kapena 40. Pa mtunda umenewo kufewa kwa tiriga sikusintha kanthu pa kulasa. Chimene kumasintha ndi chakuti mfuti ija tsopano ikhoza kulira ikagwa kuchokera pampando, ikagunda mwala, kapena chala chikanjenjemera usiku munthu atamva tswatswa kuseri kwa nkhokwe, pamene wobwerayo ndi mwana wake yemwe.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Mukumvera pulogalamu yathu ya maphunziro, ndipo lero tikukamba za kasamalidwe ka mfuti zachiphaso. Tsopano ndikusimbireni nkhani imene inachitikadi, kuti muone kukula kwa kanthu kakang'onoka.

Ku America kuli mfuti yotchuka kwambiri yaulenje yotchedwa Remington Model 700, imene inayamba kugulitsidwa mu 1962. Tiriga yake anaikonza ndi injiniya wa kampaniyo, Mike Walker, kumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Alenje anaikonda chifukwa inali yosalala ndi yofewa bwino. Koma m'kati mwake munali kachitsulo kena kosamangiriridwa, kamene kankangokhala pakati pa tiriga ndi kambedza kaja, kogwiridwa ndi sipuling'i yaing'ono. Kwa zaka zambiri anthu anadandaula kuti fumbi, dzimbiri kapena oyilo wouma zikalowa pamenepo, kachitsuloko sikabwerera pamalo pake. Zikatero, chimene chagwira mfuti kuti isalire chimangotsala chotsekera chokha, kaloko kaja koletsa mfuti kulira mwangozi. Munthu akatsegula chotsekeracho, mfuti imalira chala chisanakhudze tiriga. Choopsa china n'chakuti mpaka 1982, kuti uchotse chipolopolo mu mfuti imeneyi unkayenera kuyamba watsegula chotsekera.

Mu 2000, m'chigawo cha Montana, mwana wa zaka 9 anafa mayi ake akuchotsa zipolopolo mu mfuti yotereyi pobwera kosaka. Mayiwo ananena kuti chala chawo sichinali pa tiriga. Bambo a mwanayo anatha zaka zambiri akusonkhanitsa makalata a m'kampanimo, ndipo mu 2010 wailesi ya kanema ya CNBC inaulutsa nkhani yonse. Zinadziwika kuti Walker mwiniwake, kale mu 1948, anapempha kuti awonjezere kachipangizo kotseka tiriga, kamene mtengo wake unali masenti asanu ndi theka pa mfuti imodzi, koma sizinatheke. Kampani ya Remington inakana nthawi zonse kuti mfuti zake zili ndi vuto. Inkati ngozizo zimadza chifukwa cha kusasamala mfuti kapena kuseweretsa tiriga. Komabe mu 2014 inavomera pa mlandu wa anthu ambiri kuti isintha tiriga za mfuti pafupifupi 7.5 miliyoni. Chaka chomwecho inaitanitsanso mfuti zokhala ndi tiriga yake yatsopano, X-Mark Pro, zopangidwa pakati pa 2006 ndi 2014, chifukwa guluu wa ku fakitale anachuluka m'kati mwa zina, ndipo zikanatha kulira zokha.

Taonani apa, omvera. Kaya mukhulupirira kampani, kaya mukhulupirira mabanja oferedwa, mbali zonse ziwiri zikugwirizana pa mfundo imodzi: chilichonse chomata chikalowa m'kati mwa tiriga, ndiponso munthu wosadziwa akaseweretsa tizitsulo take, mfuti imasiya kumvera mwini wake. Ngati kadontho ka guluu wa ku fakitale kanachititsa kampani yaikulu chonchija kuitanitsa mfuti zake, nanga mafuta ophikira amene ena kuno amathira mu mfuti angachite zotani?

Pa mafuta ophikirawa ndiimepo pang'ono, chifukwa ndi vuto la kwathu kuno. Munthu akaona kuti mfuti yayamba kuuma, amatenga chimene chili pafupi. Mafuta ophikira amaoneka abwino tsiku loyamba. Pakapita miyezi amalimba n'kusanduka phula lomata, monga mmene amachitira kunja kwa botolo lake. Ena amatenga oyilo wakuda wokhetsedwa mu injini ya galimoto kapena ya chigayo. Oyilo ameneyo watha kale ntchito. Muli mwaye, tizidutswa ta zitsulo ndi asidi. Ena amapaka girisi wa njinga, amene ndi wokhuthala ndipo m'nyengo yozizira ya June ndi July, makamaka kumtunda monga ku Tsangano, amalimba n'kuchedwetsa tizitsulo. Ngakhale mankhwala opopera aja a WD-40, amene anapangidwa mu 1953 kuti azithamangitsa chinyontho ndi kuteteza dzimbiri, ndi abwino pa ntchito imeneyo, koma mukamawapopera m'kati mwa tiriga chaka ndi chaka osatsuka, zotsalira zake zimaunjikana ndi kugwira fumbi.

Ndipo fumbi ndiye tili nalo. Kuyambira August mpaka October mphepo imaulutsa dothi paliponse. Limalowa ngakhale m'sutikesi yotseka. Fumbi likakumana ndi oyilo limapanga phala lokhakhala. Phalalo limachita zinthu ziwiri. Limadya zitsulo pang'onopang'ono, ndiye m'mphepete mwa kambedza muja mumabulungika, kugwira kwake n'kuchepa. Komanso limatsekereza tizitsulo kuti tisabwerere pamalo pake. Tiriga zogula paderazi ndiye zimavutika kwambiri, chifukwa zambiri zili m'kabokosi kotseka ndipo tizitsulo take tinapangidwa mothinana kwambiri. Kamchenga kamodzi kamakwana kuzisokoneza. N'chifukwa chake ena mwa opanga ake amalemba m'malangizo kuti musathiremo oyilo, muzingotsuka ndi mankhwala ouma msanga. Choncho munthu amene wagula tiriga yodula kuti aziithira oyilo wambiri wawononga ndalama kawiri.

Nanga oyilo azipita kuti? Mdani wina ndi dzimbiri, ndipo nyengo yake ndi dzinja, kuyambira November mpaka April. Thukuta la m'manja lokha limasiya mchere pa chitsulo. Ndiye mfuti imafunadi oyilo, koma kunja kwa zitsulo ndi m'kati mwa mpope poisunga. Choyamba, musanachite chilichonse, lozetsani mpope kumene kulibe munthu, tsegulani mfuti, chotsani zipolopolo, muone ndi maso ndiponso mupise chala kuti mutsimikize kuti mulibe kanthu. Zipolopolo zikhale m'chipinda china pamene mukupukuta. Kenaka donthezani madontho awiri kapena atatu a oyilo wa mfuti pa kansalu koyera. Ngati oyilo wa mfuti palibe, wa makina osokera ndi wopepuka ndi woyera, angathandize pa kupukuta kunja. Pukutani zitsulo mpaka zingowala pang'ono. Oyilo akamayenderera, mwachulutsa.

M'kati mwa mpope pitirizanimo kansalu ka oyilo pang'ono poisunga, koma musanaigwiritse ntchito pitirizanimo kouma. Oyilo wotsala mu mpope kapena pamalo pogona chipolopolo amawonjezera mphamvu yokankha zitsulo za kumbuyo, kumene kuli nkhope yanu. Komanso oyilo akalowerera m'chipolopolo amatha kuwononga wonga, chipolopolocho n'kukana kulira, kapena kulira mochedwa. Mfuti ikakana kulira mutakoka tiriga, musaitembenuze kuti muisuzumire, ndipo musaitsegule msanga. Ikhalebe yoloza kumene kulibe munthu, muwerenge pang'onopang'ono mpaka 30 kapena kupitirira. Poisunga, ndi bwino mpope uloze pansi, kuti oyilo asatsikire ku tiriga ndi ku thabwa, chifukwa thabwa likamwa oyilo limafewa ndi kung'aluka. Ndipo nthawi zonse yang'anani kuti mu mpope simunatsekeke. Mavu aja omanga tinyumba tadothi amakonda mabowo otere, ndipo mpope wotsekeka ndi dothi umaphulikira m'manja mwa wowomba.

Za kupala kambedza ndi tupa kuti tiriga ifewe, chonde musayerekeze, ndipo musapatse wowotcherera zitsulo kapena wokonza njinga kuti ayese, ngakhale akhale waluso chotani pa ntchito yake. Pa mfuti zambiri tizitsulo timeneti tinalimbitsidwa pamwamba pokha. Mukapala, mumafika pa chitsulo chofewa chimene chidzatha msanga. Ngati mfuti yanu inalirapo yokha ngakhale kamodzi, potseka kapena potsegula chotsekera, isiyeni lero lomwe. Pitani ku polisi kumene munatengera chiphaso mukafunse za mmisiri wovomerezeka.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Tsono ngati mwana wanu wa ku Joni akufuna kukuthandizani pa za mfutiyo, muuzeni kumene ndalamazo zingagwire ntchito. Iye akudziwa kuti ku South Africa, malinga ndi lamulo lawo la mfuti la chaka cha 2000, munthu salandira chiphaso asanaphunzire kagwiridwe ka mfuti ndi kukhala ndi sefa yoisungiramo. Bokosi lachitsulo lokhoma ndi loko wamphamvu, lomangiriridwa kukhoma ndi mabawuti, amisiri athu a pa boma kapena pa Kampepuza akhoza kulipanga. Zipolopolo zikhale ndi kabokosi kakekake, ndipo makiyi asakhale pamene ana akupadziwa. Mfuti yobisidwa kudenga, pansi pa matiresi kapena kuseri kwa kabati si yobisika. Ana amadziwa ngodya iliyonse ya nyumba kuposa ife akuluakulu. Ndalama zotsala mugulire ndodo yotsukira mpope, kabotolo ka oyilo weniweni wa mfuti, ndi kukonzetsa chiphaso chanu pa nthawi yake.

Kumbukiraninso kuti dziko lathu lili ndi lamulo la mfuti, Firearms Act, la chaka cha 1967, ndipo amene amaliyendetsa ndi apolisi. Musauze munthu kuti akuikireni chipangizo cha mfuti m'katundu wa pa basi ya ku Joni kuti chidutse pa Mwanza kapena pa Dedza mwakachetechete. Yambani mwafunsa ku polisi. Ndipo ngati vuto lanu ndi anyani kapena nguluwe m'munda, chiphaso cha mfuti pachokha si chilolezo chopha nyama iliyonse. Dziwitsani a nthambi yoona za nyama zakuthengo, chifukwa lamulo lawo linakhwimitsidwa mu 2017 ndipo pa nyama zina zotetezedwa chilango chimafika zaka 30 m'ndende.

Pali eni mfuti ena amene sindinawatchule, ndipo ndikufuna ndilankhule nawo mwaulemu. Ife a ku Ntcheu tinakhala pafupi ndi nkhondo. Kuyambira 1977 mpaka pangano la mtendere la ku Rome pa 4 October 1992, abale athu a ku Mozambique anali pa moto, ndipo Malawi inalandira othawa nkhondo okwana pafupifupi miliyoni imodzi. Ambiri anakhala m'midzi yathu yomwe ino, chifukwa pena malire ndi msewu wa M1 chabe. Nkhondo itatha, si mfuti zonse zimene zinabwerera m'nkhokwe za boma. Mu December 1993, asilikali athu atalanda zida a Malawi Young Pioneers pa Operation Bwezani, ena mwa a Pioneers anathawira ku Mozambique ndi zida zawo. Kuwonjezera apo pali mfuti za gogodela, zosula pamanja, zothira wonga kukamwa, zimene mipope yake ina ndi mapaipi wamba osapangidwira moto wotero.

Mfuti imene yakhala zaka 30 m'nthaka, itakulungidwa m'thumba la feteleza, palibe oyilo amene angaibwezere mwakale. Dzimbiri ladya kale m'kati mwa mpope ndi pa kambedza paja, ndipo zipolopolo zake sizidziwika kuti zichita chiyani. Kuisunga ndi mlandu, koma ine chimene chimandiwawa kwambiri ndi ana amene adzaifukule tsiku lina polima kapena posewera.

Abale athu a ku Mozambique anatisonyeza njira. Mu 1995 bungwe la mipingo yachikhristu kumeneko, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linayambitsa ntchito yosinthanitsa zida ndi makasu, njinga, makina osokera ndi malata. Mfuti zoperekedwazo ankazidula kuti zisadzagwirenso ntchito, ndipo amisiri ena anapanga nazo zosema, monga mpando umene uli ku British Museum mu mzinda wa London. Kuno kwathu, mu August 2001, atsogoleri a mayiko a SADC anasainira mu mzinda wa Blantyre pangano loletsa kufala kwa mfuti zosaloledwa. Ndipo kuyambira 2017, bungwe la African Union linasankha mwezi wa September chaka chilichonse kuti ukhale wolimbikitsa anthu kupereka mfuti zosaloledwa ku boma.

Ngati mukudziwa pamene pali mfuti, zipolopolo kapena bomba lakale, musazigwire ndipo musayese kuona ngati zikugwirabe ntchito. Musazinyamule nokha pa minibasi kapena pa kabaza kupita nazo ku polisi, chifukwa mukakumana ndi chipata cha apolisi panjira mudzasowa chonena, komanso chinthu chadzimbiri chikhoza kuphulika ndi mabampu. Uzani a mfumu kapena wapampando wa chitetezo cha m'mudzi, mupite nawo limodzi ku polisi ya pafupi, mukafotokoze, apolisiwo abwere adzatenge okha. Pamene mukudikira, ikani chizindikiro pamalopo ndipo muuze ana ndi abusa a ng'ombe kuti asayandikire.

Nthawi yathu yathera pomwepa.  

(NYIMBO YOTSEKERA)